Hadikava ya banki m'khonde yanyowa, tisamukire pa foni?

Mlembi wa ku Mitundu:

Moni akuluakulu nonse. Ndithandizeni maganizo Lachinayi lisanafike, chifukwa tsiku limenelo ndikaima pamaso pa amayi anzanga 23 ndipo sindikudziwa chokanena.

Ndine mlembi wa gulu la banki m'khonde kuno ku Mitundu, chaka chino ndi chachinayi. Sheya imodzi ndi K2,000, munthu amagula kuyambira imodzi mpaka masheya asanu pa sabata, ndipo timagawana mu Disembala kuti aliyense apeze ya feteleza wobereketsa. Zonse ndimalemba mu hadikava yaikulu ija ya chikuto chakuda. Masheya ali koyambirira, ngongole pakati, thumba la zadzidzidzi ndi zindapusa za ochedwa kumapeto.

Mwa lamulo lathu hadikavayo imagona m'bokosi la maloko atatu kwa amsungichuma. Koma sabata yatha ndinaitengera kunyumba kuti ndikawonkhetse modekha, popeza pamsonkhano ana akulira, uyu akufuna chenji, uyo akufunsa ngati angabwereke, mutu sugwira. Ndinaiika pamwamba pa kabati. Usiku kunagwa chimvula, ndipo pamalata pamene panazuka msomali mpomwe panalunjika kabatiyo. Dontho limodzilimodzi mpaka mbandakucha. Ndinapeza buku litafufuma ngati chigumu. Masamba asanu ndi limodzi a ngongole inki yayenderera, pena pakuoneka dzina popanda nambala, pena nambala popanda dzina.

Za masheya sindikudandaula, aliyense ali ndi pasibuku yake ndipo zidindo zili momwemo. Vuto ndi ngongole. Kumapeto kwa pasibuku kuli malo olembapo ngongole, koma tinachita ulesi, tinkangolemba mu hadikava mokha. Pano amayi awiri, wina wogulitsa tomato wina wa zitumbuwa, aliyense akuti ndi iye amene anabweza K15,000 sabata yachiwiri ya Febuluwale. Amsungichuma ali ndi kapepala kawo kosonyeza kuti tsiku limenelo K15,000 ya ngongole inalowadi, koma imodzi yokha. Pamzere pamene pakanatiuza mwini wake pangotsala chibanga cha buluu.

Mwana wa achemwali anga amene akuphunzira m'tauni wandiseka kwambiri, akuti mapepala ndi zachikale. Wandipangira fomu pa Google Forms yoti ndizingosankha dzina, kulemba ndalama, n'kudina. Akuti ngakhale nyumba itapsa zonse zidzakhalapo. Ndaiyesa, ndipo kunena zoona ndi yokongola. Koma mwa amayi 24, a foni zazikulu tilipo asanu, enawo ndi timafoni ta mabatani, ndipo agogo awiri alibiretu foni, kuwerenganso sadziwa.

Ndiye inu amene munagwirapo ntchito ndi mafomu a papepala ndi a pafoni omwe, mukuti bwanji? Tiisiye hadikava? Nanga fomu ya pafoniyi ikanatha kutiuza mwini wa K15,000 ija?

Mlangizi wa zaumoyo, Phalombe:

Pepani amayi, zimachitika. Ine ndine mlangizi wa zaumoyo, aja mumatitcha a sikelo, ndipo mafomu ndiye khasu langa.

Pamene ndinkayamba ntchito zonse zinali za papepala. Kaundula wa ana a sikelo, wa katemera, wa kachipatala ka m'mudzi. Mwezi ukatha ndinkakhala pansi kuwerenga timizere tija tisanutisanu n'kudzaza fomu ya lipoti, kenako kupalasa njinga kukaisiya ku chipatala chaching'ono, iwo n'kuitumiza ku boma kumene amailowetsa mu kompyuta, mu pulogalamu yosungira malipoti a zaumoyo yotchedwa DHIS2. Kenako kunabwera cStock, yoti tizitumiza pa SMS kuchuluka kwa mankhwala amene atsala, monga LA, Thanzi ndi zinki. Pano ena a ife tili ndi mafoni a iCHIS olembera khomo ndi khomo.

Foni ili ndi ubwino wake, sindingabise. Siikulola kudumpha bokosi. Ukaiwala tsiku lobadwa la mwana imakana kupita patsogolo, pamene papepala umasiya mpata n'kumati ndidzadzaza mawa, mawa lakelo osafika. Imawonkhetsanso yokha, ndipo palibe woti adzavutike kuwerenga zolemba zako zokhotakhota.

Koma chimene mwanayo sanakuuzeni n'chakuti foni itabwera pepala silinachoke. Timalemba kawiri. Pasikelo pakakhala amayi 60 pamzere, dzuwa likuwala pagalasi moti suona kanthu, batire yatsala pang'ono kuthima, umangotenga kaundula n'kulemba, za pafoni madzulo kunyumba. Pokopera madzulopo mpomwe zolakwika zimalowera, mwana wa makilo 8.6 amasanduka wa 6.8, mawa lake akuoneka ngati wonyentchera. Potumiza, kwathu kuno netiweki imagwira pa chulu china kuseri kwa sukulu. Komanso mayi akamafotokoza za mwana wodwala iwe maso ali pafoni amaona ngati uli pa WhatsApp. Wina anandiuzapo kuti ndimalize kaye kucheza, iye adikira.

Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atadutsa kuno, makaundula amene tinkasunga m'kachipinda kathu anasanduka phala. Malipoti amene tinali titatumiza kale ku boma analipo, koma mmenemo muli ziwerengero zokha, mulibe mayina a ana. Chimene chinatithandiza kudziwa kuti mwana uyu analandira katemera uti ndi mabuku a kuchipatala amene amayi amasunga okha, aja ena amawakulunga m'jumbo n'kuwabisa pakati pa zovala. Mayi amene anathawa ndi buku lake tinakopera mmenemo. Amene buku linapita ndi madzi tinkangofunsa, kuyang'ana chipsera cha katemera paphewa la mwana, n'kuyerekeza.

Kwa inu pasibuku ija ndiye buku la sikelo. Yambirani kumeneko. Ngongole iliyonse, yotenga ndi yobweza, ilembedwe m'pasibuku ya mwini wake nthawi yomweyo, iye akuona. Za foni muziganize pambuyo.

Wa kalembera 2018:

Achemwali, ine ndili mbali ya foni, koma osati fomu imene akupangiraniyo.

Ndinagwira nawo ntchito ya kalembera wa anthu ndi nyumba mu Seputembala 2018, uja anapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni. Kanali koyamba a NSO, ofesi ya boma yoona za ziwerengero, kutipatsa matabuleti m'malo mwa mafomu a papepala. Tabuleti inkadumpha yokha mafunso osayenera. Ukalemba kuti uyu ndi mwamuna, mafunso a za kubereka sankabwera. Ukalemba khanda, sinkakufunsa kuti analekeza kalasi yanji. Zotsatira zoyamba zinatuluka patangopita miyezi yowerengeka. Ndiye palibe angandiuze kuti mafomu a pamakina ndi chinyengo.

Koma kalembera ndi kufunsa kamodzi n'kumapita. Banki yanu ndi nkhani yopitirira chaka chonse, za sabata ino zikudalira za sabata yatha. Fomu ili ngati lisiti. Mukadzaza n'kutumiza, yotsatira imabwera yoyera, siikumbukira kuti mayi wa tomato anabwereka zingati ndipo atsala ndi zingati. Kuti mudziwe zimenezo muyenera kukatsegula kumene mayankho akusonkhana n'kuwonkhetsa nokha. Chinanso, Google Forms imafuna intaneti nthawi yomwe mukudzaza ndi kutumiza. Bandulo ikatha msonkhano uli mkati, basi, mwagwa nayo. Ilipo ina yotchedwa KoboCollect imene mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito kumidzi. Ndi yaulere, imasunga zonse mufoni popanda netiweki, n'kudzatumiza mukapeza. Koma nayonso anaipangira kufunsa mafunso, osati kusunga kaundula wa ngongole. Chofanana ndi hadikava yanu ndi Excel kapena Google Sheets, dzina lililonse mzere wake, sabata iliyonse bokosi lake, kumapeto kukuwonkhetsa kokha.

Tsopano funso limene ndikufuna mukamufunse mwanayo lero lomwe: fomuyo anaitsegula pa imelo ya ndani? Ngati ndi yake, ndiye kuti mayina, manambala a foni ndi ngongole za amayi 24 zili m'manja mwa mnyamata amene si membala wa gulu. Akadzaiwala pasiwedi, kapena mukadzayambana, banki yanu yapita naye. Ndipo amayiwo sanavomere kuti iye aziona amene ali ndi ngongole. Malawi muno tili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu, si nkhani yoseweretsanso. Ngati mupitirize, tsegulani imelo ya gulu, pasiwedi yake muilembe papepala, pepalalo liziikidwa m'bokosi la maloko atatu lija. Inde, ndikudziwa, ndakubwezeraninso ku pepala.

Za K15,000, foni ikanakuuzani zimene inuyo munadina basi. Pamndandanda wa mayina pakakhala a Nabanda awiri otsatizana, chala chimaterereka mosavuta kuposa cholembera.

Kalaliki wopuma, Ntcheu:

Ana anga, ndawerenga zonse. Ine ndinagwira ukalaliki nthawi ya makina otayipira ndi mapepala a kaboni, ndipo pano ndine wapampando wa gulu kwathu kuno. Amayi a mlembi, ndikudzudzulani pang'ono, musakwiye.

Mvula sinalakwe. Buku linatuluka m'bokosi, ndiye nkhani yake. Njira imene timatcha banki m'khondeyi anaiyambitsa a bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo anaikonzera amayi amene ambiri sankadziwa kulemba. N'chifukwa chake pali makiyi atatu kwa anthu atatu, owerenga ndalama awiri, ndi chidindo m'malo mwa manambala. N'chifukwa chakenso ndalama iliyonse imatchulidwa mokweza isanalowe m'mbale, ndipo potseka msonkhano mlembi amalengeza zotsala m'bokosi kuti sabata yamawa anthu azitchule bokosi lisanatsegulidwe. Magulu ambiri akapeza mlembi wa dzanja labwino ngati inu amasiya zonsezi, amangoti alembi akulemba, iwo n'kumakambirana za mtengo wa sopo. Ife kuno aliyense ali ndi mboni yake, amene amakhala naye moyandikana, ndipo ntchito ya mboniyo ndi kukumbukira ngongole ya mnzake. K15,000 yanu ikanakhala ndi mboni.

Tsopano za buku latsopano. Inki inayenderera chifukwa munalemba ndi zolembera zoterera zija za jelo, ndikunama? Bolopeni wamba, pepala linyowe bwanji, likauma zolemba zimaoneka. Pensulo siyenderera, koma imafufutika, choncho pa ndalama ayi. Tsiku loyamba masamba onse muwalembe manambala, wapampando asaine kumapeto kuti masamba alipo angati, kuti lina likadzang'ambidwa lidziwike. Osasiya mzere wopanda kanthu pakati. Mukalakwitsa, dulani kamzere kamodzi pa nambala yolakwikayo kuti iziwerengekabe, yolondola mulembe pambali, anthu awiri asaine. Amene sadziwa kulemba adinde chala.

Tipeksi asayandikire bukulo. Mukukumbuka chisankho cha pa 21 Meyi 2019? Mapepala a zotsatira opakidwa tipeksi anali pakamwa pa aliyense, mpaka pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anagamula kuti chisankho cha pulezidenti chichitikenso. Tipeksiyo anaoneka chifukwa anali papepala. Anthu ananyamula mapepalawo kupita nawo kukhoti n'kumaloza ndi chala. Pafoni 15 akasanduka 51 sipatsala chipsera chimene agogo anu awiri aja angachione. Iwo amawerenga zidindo m'pasibuku, ndipo pazidindo simungawanamize. Mukasamutsira zonse pafoni, banki ya amayi 24 idzasanduka ya amayi asanu, enawo azingomva.

Wa kalembera 2018:

Bambo, pa Google Sheets pamatsala mbiri yosonyeza amene wasintha nambala ndi nthawi imene wasinthira. Chipsera chilipo, chimangofuna kuchitsegula.

Kalaliki wopuma, Ntcheu:

Ndavomera, mwana wanga, sindinkadziwa. Koma wotsegula mbiriyo ndi yemwe uja wagwira foni. Ine ndikanakonda mbiri yoti agogo atsegule okha.

Wa ku Joni:

Asisi, ine ndingokuuzani mmene timachitira kuno ku Johannesburg m'gulu lathu lothandizana pa maliro. Timasonkha mwezi uliwonse kuti wina akatisiya thupi lipite kumudzi. Mlembi amalemba m'buku, ndipo msonkhano usanathe amajambula tsambalo n'kuliponya pa gulu la WhatsApp, ife tili pomwepo. Chaka chatha anamutsomphola foni pa renki ya matakisi, koma palibe chinasowa, zithunzi zinali m'mafoni a tonse. Buku litanyowa zikanakhala chimodzimodzi. Palibe fomu, palibe pasiwedi, kujambula basi. Chofunika ndi kujambula pamalo owala, tsamba lonse ndi deti yake zioneke, ndipo muonetsetse kuti manambala akuwerengeka musanabalalike.

Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi. Kumudzi foni imodzi imagwiridwa ndi banja lonse. Mlongo wanga wa ku Mangochi gulu lawo linkaponya zithunzi zotere kwa aliyense, mpaka bambo wina anaona kuti mkazi wake ali ndi masheya ambiri kuposa amene ankamuuza. Disembala asanafike anali atawerengera kale ndalamazo pa njinga yamoto. Mayiyo anatuluka m'gulu. Ndiye zithunzi zipite kwa anthu awiri kapena atatu amene gulu lasankha, ndipo akhale oti foni zawo ndi zawozawo.

Mlembi wa ku Mitundu:

Zikomo nonse. Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera dzulo.

Bambo a ku Ntcheu, mwalasa. Chinali cholembera cha jelo, ndinachikonda chifukwa chimalemba mosalala. Ndinaima pamaso pa gulu ndi bukulo lili chofufuma chomwecho n'kuvomera kuti ndinalitulutsa m'bokosi popanda chilolezo. Andilipitsa K1,000, ndipo hadikava yatsopano ndagula ndi ndalama yanga. Wapampando analemba manambala a masamba pomwepo, anatopa ali pakati, wina n'kumalizitsa.

Za K15,000 sizinathe ndi buku kapena foni. Mmodzi wa owerenga ndalama anakumbukira kuti tsiku limenelo analandira ma K5,000 atatu, imodzi yong'ambika yomatidwa ndi selotepi, ndipo anayamba waikana. Mwini wake anayankha kuti ndi mmene anamupatsira kasitomala wa tomato pamsika. Atangonena zimenezo amayi ena atatu anati eya, tinaseka tsiku limenelo. Mayi wa zitumbuwa sanavomere, akuti iyenso anabweza ndipo tikumukondera mnzakeyo. Anachoka msonkhano usanathe, pasibuku yake n'kuisiya pamkeka. Ine sindikuganiza kuti akunama dala. Mwina akusokoneza ndi sabata ina imene ilinso pamasamba onyowawo. Wapampando ndi amsungichuma adzapita kunyumba kwa mayiyo Loweruka.

Tagwirizana kuti ngongole zizilembedwa m'pasibuku ndi mu hadikava nthawi imodzi, mwini wake asaine kapena adinde chala. Za mboni tayamba dzulo lomwelo, ngakhale amayi awiri anakana kukhala moyandikana, tinachita kuwasinthitsa malo. Zojambula tsamba tavomera, zizipita kwa wapampando ndi mmodzi wa osunga makiyi, bandulo yake izichokera ku zindapusa. Agogo mmodzi anafunsa ngati chithunzicho chingafike kwa ana ake ku Blantyre, atamva kuti ayi anati chabwino.

Fomu ija ndinamufunsa mwanayo, inalidi pa imelo yake. Ndamuuza aifufute, ndipo wakwiya, akuti anataya usiku wonse. Ndamulonjeza kuti mu Novembala adzandiphunzitse Excel kuti ndidzayesere kuwerengera zogawana, chifukwa chaka chatha tinawerenga ndi kakyuleta mpaka mdima, kawirikonse tikupeza zosiyana ndi K3,400.

Chatsala ndi ichi. Masamba awiri a buku lakale amatana, ndipo ndikayesa kuwalekanitsa akusupuka. Ndi omwe ali ndi ngongole za sabata yachitatu ndi yachinayi ya Febuluwale, mwina ya mayi wa zitumbuwa ili mmenemo. Wina akuti ndiwafukize pa nthunzi ya ketulo, wina akuti ndiwayanike pamthunzi ndi kuwasiya. A zaumoyo a ku Phalombe, makaundula anu aja alipo amene munakwanitsa kuwatsegula?